Rampu ya pa holo yathu ku Mufakose: kodi boma lili ndi buku la kamangidwe koyenera?

Nachisale_Mufakose

Moni nonse a pa gulu lino, makamaka inu amene muli muno mu Harare. Ndili ndi funso koma ndiyambe kaye ndafotokoza zimene zandionekera Lachiwiri lapitali chifukwa mpaka lero mtima sunakhale pansi.

Bambo anga anadwala sitiroko chaka chatha, mbali yonse ya kumanzere inafa ndiye pano amayendera wilitcheya. Ndi munthu woti anachoka ku Dedza kwa Kachindamoto ali mnyamata, wagwira ntchito mmafakitale a ku Southerton mpaka kupuma, ku tchalitchi ndi mkulu wa mpingo, munthu waulemu wake woti olo kupita pa shopu amavala jekete. Ndiye ndinawatenga ku ofesi ina ya boma mtauni kuti akasayine mapepala, paja anati mwini wake aoneke ndi maso. Za kombi sitinayerekeze nkomwe, tinachita hayala galimoto. Titafika ndinasangalala kuona kuti pambali pa masitepe pali rampu, kanjira kotsetsereka kokwerera wilitcheya, koma abale rampu yake! Yaifupi, yoima ngati chulu, pamwamba anayalapo matailosi osalala aja oti olo wamiyendo yake kukagwa mvula amaterereka. Ndayamba kukankha, kufika pakati njinga yayamba kubwerera mmbuyo, mawilo akutsogolo adzuka, bambo agwira malaya anga ndi dzanja limodzi lomwe latsalalo. Anyamata awiri ogulitsa mayunitsi panjapo anathamanga kudzatithandiza, tafika pamwamba tapeza chitseko cha pa rampupo nchomanga ndi tcheni, ati kiyi ali ndi munthu amene sanabwere ku ntchito. Tinatsikanso chafutambuyo, kenako anyamata aja anawanyamula bambo ndi njinga yomwe pa masitepe ngati thumba la chimanga, anthu a pamzere akuonerera. Bambo anangotsitsa chipewa kubisa nkhope. Panjira pobwerera sanayankhule kanthu, ndipo usiku nsima anakana.

Mkatimo namonso ndi momwemo. Kauntala yaitali, bambo pa njinga akungoona thabwa, kalaliki akuyankhula ndi ine pamwamba pa mutu wawo ngati iwo palibe. Fomu yachingerezi chokhachokha, timabokosi tating'onoting'ono toti dzina la mudzi wakwathu silikwana, ndipo pamene afunsa za mfumu ndi boma lochokera palibe polemba za munthu amene mudzi wake uli ku Malawi. Chimbudzi chili pamwamba, lifiti inafa kalekale.

Tsono funso langa nali. Ife ku tchalitchi kwathu tikumanga holo, ya misonkhano ya sosaiti ya maliro, maukwati ndi zina, ndipo ine ndili mu komiti. Makoma afika pa windo. Mmisiri wathu akuti za rampu tidzaona pomaliza ndalama zikatsala. Kodi boma lili ndi buku kapena lamulo lonena kuti nyumba ya anthu onse imangidwe motere, fomu ilembedwe motere, katundu wogulitsa apangidwe motere? Ngati lilipo amayang'anira ndani, nanga zinatheka bwanji kuti rampu ngati ija ivomerezedwe? Ndikufuna Lamulungu likubwerali ndikalowe mu komiti ndili ndi manambala mmanja osati misozi yokha.

Mbewe_wa_ku_Tafara

Pepani kwambiri a Nachisale, muwapepesenso bambo mmalo mwa ife amisiri chifukwa rampu imeneyo anaimanga ndi mmodzi wa ife. Ine ndagwira chipande cha simenti zaka zopitirira 30 muno, ndiye ndikuuzani zimene ndikudziwa.

Lamulo lilipo ndithu, ndipo si limodzi. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013, gawo 22, amanena poyera kuti boma lionetsetse kuti nyumba ndi malo amene anthu onse amalowamo akhale oti olumala atha kufikamo. Gawo 83 ndi la ufulu wa olumala. Ngakhale izi zisanabwere panali kale Disabled Persons Act ya 1992, Zimbabwe inali mgulu la mayiko oyambirira mu Africa kukhala ndi lamulo lotere, ndipo mu 2021 anakhazikitsanso National Disability Policy. Kumudzi ku Malawi nako kunali Disability Act ya 2012. Ndiye papepala tili bwino. Vuto ndi loti malamulo akuluakuluwa amangoti "olumala azitha kulowa", sakuuza mmisiri kuti thira simenti mpaka apa. Buku limene ife timamangira, limene a khonsolo amaonera pulani, ndi Model Building By-laws ya 1977, ya nthawi ya boma la azungu la Ian Smith, ndipo insipekitala akabwera pa saiti maso ake amakhala pa maenje a fawundeshoni, pa silabu, pa denga ndi pa mapaipi a zonyansa. Pa zaka zanga zonsezi ndi kamodzi kokha ndinaona insipekitala akutulutsa tepi kuyeza rampu.

Manambala amene mukufunawo ndi awa, ndi amene ali mmabuku ambiri a zomangamanga kunja konse. Rampu isatsetsereke kuposa 1 pa 12. Kutanthauza kuti pa sentimita imodzi iliyonse yokwera mumafuna masentimita 12 a kutalika. Ngati khomo la holo yanu lakwera masentimita 45 kuchokera pansi, amene ndi masitepe atatu, rampu ikhale mamita 5 ndi masentimita 40. Anthu amadabwa akamva kutalika kumeneku, ndiye mpamene amafupikitsa nkupanga chulu chija. Mlifupi mwake isachepere mita imodzi ndi masentimita 20. Pamwamba pasanafike chitseko pakhale malo athyathyathya a mita imodzi ndi hafu mbali zonse, kuti munthu aime atsegule chitseko njinga isakubwerera, ndiponso athe kutembenuka. Mmbali muike kamzere ka njerwa kotchinga kuti wilo lisagwere kunja, ndi chitsulo chogwirira mbali zonse ziwiri chokwera pafupifupi masentimita 90. Pansi pake musasalaze ndi chipande chachitsulo, simenti ikadali yaiwisi mukokepo tsache kuti pakhale pokhakhala. Matailosi ayi.

Chachiwiri, ndipo ichi mufulumire nacho popeza makoma ali pa windo, ndi mafelemu a zitseko. Felemu wamba ya mu hadiweya mlifupi mwake imakhala cha mma masentimita 80, ndiye mukapachika chitseko mpata umacheperako, wilitcheya imadutsa mokhula zala. Khomo lalikulu ndi la chimbudzi chimodzi muike la 90, ndipo la chimbudzilo lizitsegukira kunja chifukwa munthu akagwa mkati amagwera pa chitseko, inu kunja mukankha bwanji? Mkati mwake mukhale malo oti njinga iime pambali pa mtondo wa chimbudzi, ndi chitsulo pakhoma chogwira podzuka.

Mmisiri wanuyo akamati tidzaona pomaliza mumuuze kuti pomaliza mpamene zimadula. Pano kusintha felemu ndi ntchito ya mmawa umodzi, mukapulasitala ndi kugumula khoma. Ndipo chinsinsi china, ngati simunathire dothi la panja mungathe kukweza bwalo lonse pang'onopang'ono kulowera ku khomo, rampu nkufupika yokha, komanso aliyense amalowera khomo limodzi. Rampu ya kuseri yokhala ndi chitseko chakechake ndi imene imathera pa tcheni, chifukwa mlonda amaiona ngati khomo lapadera loti alondere.

Mwatchula chulu, ndiye ndinene pang'ono. Mukadutsa pa Eastgate mtauni muyang'ane machumuni ali pa dengawo. Anajambula nyumba ija ndi Mick Pearce, inatsegulidwa 1996, ndipo nzeru yake anaitenga pa chulu cha chiswe, mpweya wozizira wa usiku umalowa pansi nkuziziritsa konkire, wotentha umatulukira pamwamba. Holo yanu October uno mudzadzaza anthu 200 pansi pa malata, ndiye mawindo ayang'anizane ndipo musiye mipata ya mpweya pamwamba penipeni pa khoma.

Tadala_Mabvuku

A Mbewe zikomo, ndasunga zonsezi mu foni. Ife kwathu agogo amayendera ndodo, iwo rampu yaitali imawatopetsa amakonda masitepe afupiafupi okhala ndi chogwirira, ndiye a Nachisale masitepe musachotse, zikhale zonse ziwiri. Komanso mmphepete mwa sitepe iliyonse mupake penti yoyera kapena yachikasu, agogo maso anachita ng'ala samaona pamene sitepe yathera.

Che_Wamijigo

Ine ndimakonza mijigo, ndayenda nayo ntchitoyi ku Mashonaland kuno komanso ndinakhalako zaka zinayi ku Ntcheu ndi ku Balaka, ndiye funso loti kodi boma lingathe kutsogolera kapangidwe ka zinthu ine ndimayankha kuti eya, ndinaziona ndi maso, ndipo chitsanzo chake tonse timachidziwa kungoti sitichiganizira.

Mjigo wa buluu uja umene uli ponseponse kumidzi ya kuno, Bush Pump. Woyamba anaupanga ndi Tommy Murgatroyd mu 1933 ku Matabeleland, kenako Peter Morgan wa ku Blair Research Laboratory muno mu Harare anaukonzanso nkukhala umene timautcha B type, ndipo mu 1989 boma linati uwu ndiye mjigo wa dziko lino. Tanthauzo lake ndi loti kaya mjigo wagula ndi boma, kaya ndi mpingo, kaya ndi bungwe lakunja, miyeso yake ndi imodzi, bawuti ndi imodzi, chikopa cha mu silinda ndi chimodzi. Ine ndikanyamula bokosi langa la masipanala sindifunsa kuti kumene ndikupitako kuli mtundu wanji. Ndiye taonani pamene chigwiriro chimazungulira, sanaikepo bering'i ya ku fakitale yoti ikatha mpaka kuitanitsa ku South Africa, anaikapo chipika cha mtengo wolimba chophika mu oyilo. Mtengo! Chimakhala zaka ndi zaka ana akulendewera pa chigwiriro tsiku ndi tsiku, ndipo chikatha kalipentala wa pamudzi atha kusema china.

Kumudzi nako nkhani ndi yomweyo. Afridev imene ili pa mijigo yambiri ku Malawi inayambira konko kuchiyambi kwa zaka za mma 1980, poyamba inkatchedwa Maldev, kenako anakaimalizitsa ku Kenya. Amene ankaipanga funso lawo linali loti amayi a mu komiti ya mjigo angaikonze okha osadikira galimoto ya boma? Nchifukwa chake ndodo zake zimakolana ngati ngowe, mumazitulutsa ndi manja imodziimodzi osazula mapaipi, sipanala ndi imodzi yokha ndi kachitsulo kowedzera valavu ya pansi. Ndinaona amayi anayi ku Ntcheu akusintha labala ya mjigo asanapse madzi a tiyi, wina mwana ali kumbuyo. Umu ndi mmene ine ndimadziwira kuti chinthu anachiganizira bwino, wochigwiritsa ntchito weniweni anachigwira chisanavomerezedwe, ndipo chikafa pali wochidzutsa pafupi.

Chimbudzi cha Blair nachonso ndi cha Morgan yemweyo, cha mma 1970. Paipi yaitali pa dzenje, pamwamba pake sefa ya waya, mkati mwa chimbudzi mwamdima. Mphepo ikamadutsa pamwamba pa paipi imakoka fungo, ntchentche za mdzenje zimathamangira kuwala kwa ku paipi nkukakodwa pa sefa kufera pompo. Palibe magetsi palibe mankhwala. Boma linachitenga nkuchiika mu ndondomeko ya zaumoyo, alangizi a zaumoyo anaphunzitsidwa miyeso yake, amisiri a kumidzi anaphunzitsidwa, ndipo lero chikumangidwa mmayiko ambiri. Mkuluyu anapatsidwa Stockholm Water Prize mu 2013 chifukwa cha zimenezi. Koma mudzapeza wina wamanga Blair nkuboola windo lalikulu ati muziwala, kapena sefa yadyeka ndi dzimbiri osasintha, ntchentche zabwerera, chifukwa anamuuza kuti manga chonchi koma sanamuuze chifukwa chake.

Ndi mmene ndikuionera rampu ija a Nachisale. Wina anauzidwa kuti pakhale rampu, anaika rampu, wolemba lipoti anachonga. Palibe anakhala pa wilitcheya nkuyesa kukwera. Lifiti ija nayonso, anagula osafunsa kuti ikafa sipeya ichokera kuti ndipo magetsi akazima maola 12 anthu akwera bwanji. Ofesi yoti kumabwera nkhalamba inayenera kukhala pansi basi.

NaBanda_Leicester

Achemwali pepani, ndawerenga ndili pa buleki ku ntchito misozi yalengeza. Ine ndinakulira ku Highfield, pano ndimasamala okalamba kuno ku UK ndipo kukankha wilitcheya ndi ntchito yanga ya tsiku lililonse, zimene anena a Mbewe za malo athyathyathya pa khomo ndi zoona zenizeni, popanda amenewo wokankha amachita kugwira njinga ndi bondo dzanja likulimbana ndi chitseko.

Ine ndiyankhepo za fomu. Kuno boma linakhazikitsa gulu lotchedwa Government Digital Service mu 2011, ndipo mu 2012 anatsegula webusaiti imodzi ya GOV.UK mmalo mwa mawebusaiti ambirimbiri a maunduna. Analemba mfundo 10 zoti aliyense wopanga fomu kapena ntchito ya boma pa intaneti azitsata. Yoyamba ndi yoti uyambe ndi chimene munthu wabwerera, osati chimene ofesi ikufuna. Ina imati ovutika akhale ogwira ntchito mu ofesi pofewetsa zinthu, kuti wodzaza fomu asavutike. Amalemba chingerezi chosavuta choti mwana wa zaka 9 atha kuwerenga, ndipo pa foni tsamba lililonse limafunsa chinthu chimodzi, ukayankha ndiye likubwera lina, ukalakwitsa limakuuza pompo kuti walakwitsa apa konza chonchi. Asanaitulutse fomu amakhazika anthu wamba, akhungu, okalamba, osadziwa bwino chingerezi, nkumaonerera pamene akukakamira. Mu 2013 webusaiti imeneyi inapata mphoto ya Design Museum, kupambana nyumba ndi mipando yokongola, pamene iyo ndi zilembo zakuda pa tsamba loyera basi.

Sindikuti kuno zonse zili bwino ayi, okalamba anga ambiri alibe foni ya intaneti ndipo zinthu zikamasamukira pa intaneti iwo amatsalira, timachita kuwadzazira ife. Koma chimene ndinaphunzirapo nchoti fomu si chinthu chogwa kumwamba, pali munthu anakhala pa desiki nkusankha kukula kwa kabokosi kaja.

Ndipo pa chilankhulo tisamachite manyazi. Gawo 6 la malamulo a 2013 limatchula zilankhulo 16 zovomerezeka mu Zimbabwe, ndipo pa mndandandawo Chichewa ndi chimene chili poyamba penipeni. Gawo lomwelo limati boma liziganizira chilankhulo chimene anthu okhudzidwa akufuna. Gawo 43 linati wobadwira mu Zimbabwe malamulowa asanayambe, kholo lake lili la dziko la SADC, iye akukhala mdzikomo, ndi nzika mwa kubadwa, ife amene tinakula ndi chitupa cholembedwa alien tikudziwa kulemera kwa mawu amenewo. Ndiye ngati lamulo linativomera, fomu nayo itivomere, pakhale mzere wolembapo kuti mudzi uli ku Dedza. Inu a komiti yambani ndi fomu yanu ya sosaiti ya maliro, ilembeni mChichewa ndi mChishona, zilembo zikuluzikulu, mukawapatse agogo atatu adzaze inu mutakhala chete muone pamene aima.

Mjomba_Epworth

Ine ndisiyana nanu pang'ono, osati pa rampu, rampu mangani, koma pa kukhulupirira kuti buku la boma likakhalapo ndiye kuti wosauka wapulumuka. Ine buku la kamangidwe ndinalionera mbali ina. Mu 2005 nthawi ya Murambatsvina, pamene boma linkagwetsa nyumba mmatauni, tinkakhala mu kanyumba ka kuseri ku Mbare, zipinda ziwiri za njerwa zimene malemu bambo anamanga ndi manja awo, anatigwetsera, ndipo chifukwa chimene tinauzidwa chinali choti palibe pulani yovomerezeka. Lipoti la Anna Tibaijuka wa ku United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena pogwirira ntchito, ndipo linanenanso kuti malamulo a kamangidwe ndi akale ofunika kuwaunikanso. Malamulo amene analembedwa poganizira munthu wa ku Borrowdale wokhala ndi ndalama ya akitekiti, ukawabweretsa kwa wogulitsa tomato amangomusandutsa wolakwa. Ambiri a ife a Chimalawi tinalibe kumusha kothawira, ena anapita kumidzi kwawo ife tinatsala pa mtetete mwezi wa June kuzizira kuja.

Pitani ku mafulati a Matapi ku Mbare mukaone. Mafulati aja anamangidwa nthawi ya atsamunda kuti muzigona amuna okhaokha obwera kudzagwira ntchito, azigogo athu omwe, mkazi ndi ana ankayenera kutsala kumudzi. Anatsata pulani bwinobwino, insipekitala anasayina. Lero chipinda cha munthu mmodzi muli banja lonse mwina mabanja awiri ogawana ndi katani, chimbudzi chimodzi anthu osawerengeka. Pulaniyo sinalakwe pa simenti, inalakwa pa kuganiza kuti munthu wakuda alibe banja mtauni.

Mzinda wonsewu uli choncho. Madzi timamwa a mu Lake Chivero, damu la 1952, ndipo nyanjayo ili kumunsi kwa mzinda, zonyansa zikaphulika ku Mbare kapena ku Glen View zimatsata Mukuvisi ndi Marimba kukalowa momwemo kenako madziwo nkubwerera ku malo oyeretsera madzi a Morton Jaffray kukatsukidwa ndi mankhwala odula. Kolera ya 2008 mpaka 2009 inapha anthu opitirira 4,000 mdziko muno, Budiriro inali pakati pa motowo, 2018 yabweranso ku Glen View ndi Budiriro komweko chifukwa mapaipi a zonyansa akutayikira pafupi ndi mijigo. Ine mlongo wanga anapita ndi ya 2008 ija. Ndiye ndikamva za kapangidwe kabwino ine ndimafunsa kaye kuti polemba bukulo anakhalapo ndani pa tebulo. Mjigo wa Che Wamijigo unatheka chifukwa anapita kumudzi kukauyesa. Za mtauni muno amalembera mu hotela.

Che_Wamijigo

Mjomba pepani za mlongo wanu. Simunanene bodza, ndipo pa mijigo ya mtauni ndikuvomereza, Bush Pump anaipangira kumudzi kumene chimbudzi chili patali, ukaikumba pakati pa malayini a suweji yophulika mjigo wabwinobwino umakoka matenda. Ife timauza anthu kuti dzenje la chimbudzi litalikirane ndi chitsime mamita 30 kapena kuposa, koma pa sitandi ya ku Epworth mamita 30 uwapeza kuti.

Phiri_Magetsi

Ndiwonjezere za katundu popeza munafunsanso. Ku holoko mukafika pa waya samalani ndi masoketi ndi ma adaputa otchipa. Pulagi ya mano atatu amakona imene timagwiritsa kuno ndi kumudzi muyeso wake unachokera ku Britain mu 1947, ndipo chilichonse pa iyo chili ndi chifukwa. Dzino la pamwamba ndi lalitali chifukwa ndi la efi, waya woteteza munthu kuti asagwidwe shoko, limalowa poyamba nkutsegula timazenera totseka mabowo awiri apansi a soketi, nchifukwa chake mwana akatenga msomali sangaulowetse pa moto. Mkati mwa pulagi muli fyuzi, ya 13 pa ketulo kapena ayironi, ya 3 pa wailesi kapena nyale. Zabodza zimene zadzaza mu tauni timazenera mulibe, fyuzi ndi kawaya chabe, ndipo anthu amabaya pulagi ya mano awiri ndi chotokosera machesi. Yang'anani chizindikiro cha SAZ, bungwe loona miyeso kuno limene lakhalapo kuyambira 1957, kumudzi ndi MBS ya 1972, ngakhale zizindikironso masiku ano ena amadinda zabodza ndiye gulani kwa odziwika. Maswitchi muike mmunsi pang'ono, cha pa mita imodzi, wa pa njinga afikire, masoketi akwere kufika mbondo asakhale pansi penipeni. Waya ndi yemweyo mtengo susintha.

Nachisale_Mufakose

Abale zikomo nonse, sindimayembekeza kuti mundiyankha mozama chonchi. Mjomba mawu anu andikhudza, ifenso 2005 kotchi yathu ya kuseri inagwetsedwa ndipo ndi mmene munkagona achimwene anga ndi banja lawo.

Dzulo madzulo ndinabwereka tepi ndinapita ku holo ndi mwana wanga wamkulu. Kuchokera pansi kufika pa silabu ya khomo lalikulu ndi masentimita 52, ndiye mwa masamu a a Mbewe ikufunika rampu ya mamita 6 ndi masentimita 24, kenako nkuwonjezerapo malo oimapo aja. Kutsogolo kulibe malo otalika choncho chifukwa mpanda uli pafupi, koma ikayenda motsatira khoma kuchokera kumbali ya kumpoto nkukhotera pa khomo lomwelo ikukwana, tinayala chingwe pansi kuyesa. Mafelemu a zimbudzi anagula kale awiri a 76, limodzi sanalimange, ndamuimbira mcheya kuti aliimitse kaye lisalowe mu khoma mawa. Anandiyankha kuti olumala mu mpingo wathu ndi awiri okha, ine ndinamuwerengera mayina asanu ndi awiri a anthu amene anasiya kubwera ku tchalitchi chifukwa cha masitepe a pa khomo, kuphatikizapo amayi ake omupeza, anakhala chete kenako anati bweretsani Lamulungu.

Bambo ndawafotokozera zonse, za mjigo wa chipika cha mtengo anamwetulira ati ankaudziwa. Ndawapempha kuti tsiku lothira simenti akakhalepo, tiyale matabwa kaye pa muyeso womwewo ayese kukwera ndi njinga yawo tisanathire, avomera ndipo ati ndiwasitire jekete.

A Mbewe, chitsulo chogwirira chija chikhale paipi yonenepa bwanji kuti dzanja la nkhalamba ligwire bwino, ndipo timachimangirira mu konkire momwe kapena timaboola pambuyo? Komanso ngati alipo akudziwa wowotcherera wa mtengo wabwino cha ku Mufakose, Kambuzuma kapena Budiriro andiuze ku inbox lisanafike Loweruka.